Mpamba woyambira kugulitsa khofi moyendayenda ku chigwa cha Shire

Funso lachokera kwa mnyamata wina wa ku Nchalo amene wakhala akugwira ntchito ya nyengo m'minda ya nzimbe ndipo wasungako ndalama pang'ono. Iye akuti anaona pa Facebook anthu a ku Johannesburg akugulitsa khofi pa tingolo tokhala ndi makina onyezimira, ndipo akufunsa kuti: "Kodi pangafunike ndalama zingati kuti ndiyambe kugulitsa khofi moyendayenda pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Dyeratu, nanga ndiyambe kugula chiyani? Njinga yakapalasa ndili nayo kale."

Achimwene, maganizo anuwa ndi abwino ndipo ndikufuna kuti atheke, n'chifukwa chake ndiyamba ndi mawu amene mwina simukuwayembekezera. Ndalama zimene zidzakuvuteni pa bizinesi imeneyi si zogulira ngolo kapena makina ayi, koma zimene zidzatuluke m'thumba mwanu m'mawa uliwonse musanagulitse kapu ndi imodzi yomwe, ndiponso zimene mudzadye m'miyezi imene malonda adzakhale atazilala. Mtengo wa zinthu m'makwacha sukhalitsa masiku ano. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja, monga mafulasiki, mkaka waufa ndi khofi wa m'mabotolo, anakwera motsatira. Choncho ndikupatsani miyezo imene sisintha, yomwe ndi magalamu, malita ndi chiwerengero cha makapu, kuti mukapita kukafunsa mitengo ku Limbe kapena m'masitolo a pa Nchalo pomwepo muzichulukitsa nokha n'kupeza mpamba weniweni wa tsiku limenelo.

Kukula kwa mpamba kumadalira kuchuluka kwa anthu amene adzagule, ndipo pamenepa tiyenera kunena zoona. Anthu ambiri a kwathu kuno anazolowera tiyi wamkaka wothira shuga wambiri, womwera sikono kapena mandasi, ndipo khofi amamuona ngati chakumwa cha m'maofesi. Kuwonjezera apo, chigwa cha Shire ndi dera lotentha kwambiri m'dziko muno, moti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo dzuwa likangokwera munthu amafuna thobwa, maheu kapena madzi ozizira. Nthawi yanu yeniyeni yogulitsa chakumwa chotentha ndi kuyambira m'ma 4 koloko m'bandakucha mpaka m'ma 8 koloko m'mawa, komanso pang'ono madzulo dzuwa litalowa. Ogula anu ndi madalaivala ndi makondakitala a minibasi zopita ku Blantyre, a kabaza, alonda amene akuweruka, antchito olowa ndi kutuluka mashifiti, anamwino ndi odikirira odwala pa zipata za zipatala, ndiponso oyendetsa malole amene agona m'mbali mwa msewu wa M1. Anthu amenewa alipo ndithu, koma si ochuluka moti mungawagulire zida za mamiliyoni pa tsiku loyamba.

Za makina a espresso, opanga khofi pokankha madzi otentha mwamphamvu kudutsa mu khofi wopera, amene munawaona pa kanema ndikukuletsani mosabisa. Makina oyenera malonda amakoka magetsi a mawati pakati pa 1,500 ndi 3,000, ndipo ayenera kukhala otentha nthawi yonse imene mukudikira makasitomala. Batire la galimoto la mavoti 12 ndi 100Ah limasunga mphamvu pafupifupi kilowati imodzi ndi pang'ono kwa ola limodzi, ndipo popeza batire lotere limawonongeka msanga mukamalitsitsa kupitirira theka, makina a mawati 2,000 akhoza kulimaliza pasanathe mphindi 20. Ndiye kuti pamtengo wa makinawo mudzawonjezerapo jenereta, petulo wa tsiku lililonse pamodzi ndi mizere yake pamene mafuta asowa, chopera khofi chamagetsi, ndiponso ngolo yolimba yonyamula zonsezi. Palinso vuto lina limene ndi lathu lenileni la kuno. Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, ndipo madzi otere amasiya zoyera zolimba mkati mwa timapaipi ta makina, monga mmene mumaonera pansi pa ketulo yakale. Makinawo akatsekeka, amisiri ake ndi zipangizo zosinthira muyenera kukazifuna ku Blantyre, mutakwera nawo phiri lija lodutsa pa Thabwa, ndipo masiku onse amene ali kokonzedwa inu mulibe malonda.

Zida zoyenera kuyamba nazo ndi zochepa ndipo zambiri zimapezeka m'misika yathu. Mufunika mafulasiki akuluakulu opopa pamwamba, ketulo yaikulu ya malita asanu kapena kupitirira, chitofu, makapu, masupuni, zigubu ziwiri za madzi, mabeseni otsukira, ndowa yokhala ndi mpopi yosambira m'manja, ambulera yaikulu ndi nyali ya sola, popeza ntchito yanu imayamba kudakali mdima. Fulasiki ya malita atatu imatulutsa makapu 12 a mamililita 250, choncho ngati mukufuna kugulitsa makapu 60 m'mawa umodzi, mufunika mafulasiki asanu. Pogula, sankhani achitsulo mkati ngakhale ali okwera mtengo, chifukwa agalasi sapirira mabampu a msewu wafumbi. Ngati mukufuna kugulitsa khofi weniweni wopera, onjezerani jagi yokhala ndi sefa yokankhira pansi, imene m'masitolo amaitcha French press, ndi kasikelo kakang'ono koyezera magalamu. Jagi ya lita imodzi imapanga makapu anayi: mumathira magalamu 50 a khofi, n'kuthira madzi amene angophulidwa kumene, n'kudikira mphindi zinayi, kenako n'kukankha sefayo pang'onopang'ono mpaka pansi. Fungo limene limatuluka pamenepo limafika kwa munthu amene ali mkati mwa minibasi, ndipo ndi limene lidzakusiyanitseni ndi tiyirumu ya pafupi. Ndi bwino kunyamula madzi otentha m'mafulasiki n'kumapanga khofiyo pamalo pomwepo, chifukwa khofi wopangiratu akakhalitsa m'fulasiki kwa maola angapo amayamba kuwawa ndipo fungo lake limatha.

Njinga yanu ikukwanira, koma iyenera kudutsa kaye kwa owotcherera. Kaliyala ya njinga wamba singanyamule bokosi la mafulasiki asanu pamodzi ndi chigubu, popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo malita 15 a m'mafulasiki kuphatikiza chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 35 musanawerengere zida zina. Mukonze ndalama ya kaliyala yolimba ngati ya a kabaza, masipoko okhuthala a gudumu lakumbuyo, matayala atsopano, ndi bokosi lamatabwa lokhala ndi zipinda kuti mafulasiki asagundane, limene chivindikiro chake chingasanduke tebulo. Za kuzungulira Nchalo, Ngabu ndi Dyeratu pa njinga yakapalasa muziiwale. Malo amenewa ndi otalikirana makilomita oposa 20, ndipo maola anayi a malonda anu angathere m'njira. Kuyendayenda kumene kumapindulitsa ndi kwa malo awiri kapena atatu oyandikana, mwachitsanzo pa siteji m'bandakucha, pa chipata cha chipatala kukacha, ndi pa msika tsiku la msika. Njinga yamoto ikhoza kukufikitsani kutali, koma imabwera ndi mtengo wake wogulira, kulembetsa ku Road Traffic, laisensi, inshuwalansi ndi petulo, ndipo zimenezi zimafunika makasitomala amene mwawapeza kale.

Tsopano tifike pa kapu imodzi, chifukwa bizinesi yonse imaima kapena kugwa pamenepa. Khofi salimidwa kuno kuchigwa, popeza mtundu wa arabica umene umalimidwa m'Malawi umafuna malo okwera ndi ozizira. Amachokera ku mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya kudzera ku Mzuzu Coffee, komanso ku maesiteti a ku Thyolo monga Satemwa, ndipo inu mudzamupeza makamaka m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre. Ulendo wokapikula ndi gawo la mtengo wake, choncho thiransipoti yopita ndi yobwera muziigawa pa mapaketi amene mwagula. Paketi ya magalamu 250, mukamathira magalamu 12 ndi theka pa kapu, imatulutsa makapu 20, ndipo kilogalamu imatulutsa makapu 80. Khofi wosungunuka wa m'mabotolo ndi m'zitini amafuna pafupifupi magalamu awiri pa kapu, moti botolo la magalamu 200 liyenera kutulutsa makapu 100, ngakhale kuti dzanja likamadzaza supuni mopitirira, makapuwo amachepa kwambiri osadziwa kumene apita. Dziwaninso kuti zitini zina zotchuka monga Ricoffy ndi zosakaniza khofi ndi mizu ya chomera chotchedwa chicory, ndipo n'chifukwa chake zimatsika mtengo komanso sizimawawa kwambiri. Ine ndikuona kuti ndi nzeru kukhala ndi mitundu yonse iwiri: wosungunuka wa mtengo wotsika kwa anthu a pa siteji, ndi wopera wa mtengo wokwererapo kwa amene akumudziwa. Musapikule wopera wambiri nthawi imodzi, chifukwa paketi ikatsegulidwa m'kutentha kwa kuno fungo limathawa m'masabata ochepa.

Shuga ndi mkaka ndi zimene zimadya phindu mwakachetechete. Munthu wothira masupuni atatu amatenga pafupifupi magalamu 12 mpaka 15, ndiye kuti paketi ya kilogalamu imodzi imatha pa makapu 70 kapena 80. Mukaika chitini cha shuga patebulo kuti aliyense azidzithirira, paketiyo sidzafika pamenepo, choncho supuni izikhala m'manja mwanu ndipo muzifunsa kasitomala kuti mumuthirire angati. Kukhala pafupi ndi fakitale ya shuga ya pa Nchalo sikutanthauza kuti mudzamugula motchipa, popeza mudzamugula m'sitolo ngati wina aliyense. Mkaka nawonso ndi nkhani. Ngakhale kuti chigwa chino chili ndi ng'ombe zambiri, zochuluka ndi zanyama, ndipo ng'ombe zamkaka zili kumtunda ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje. Mkaka wamadzi wosasungidwa pozizira umasasa msanga kuno, ndipo lita imodzi ikasasa mwataya mkaka wa makapu 20, tikawerengera mamililita 50 pa kapu. Mkaka waufa ndi umene uli woyenera poyamba chifukwa suwonongeka ndipo umayezeka bwino. Mukadzafuna kupanga khofi wa thovu ngati wa m'mahotela, kumbukirani kuti kapu imodzi imafuna mkaka wopitirira mamililita 120, moti lita imangokwana makapu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu.

Madzi muwaike pa mndandanda wa zogula, ngakhale kuti anthu ambiri amawaiwala. Kapu ya khofi pafupifupi yonse ndi madzi, ndipo madzi amchere amawononga kakomedwe ngakhale khofiyo akhale wabwino chotani. Musanasankhe malo ogulitsira, pezani kaye mpopi wa Southern Region Water Board kapena mjigo umene madzi ake amadziwika kuti ndi okoma, ndipo muwerengere ndalama yogulira chigubu chilichonse kapena yolipira wokutungirani. Kupatula malita 15 a khofi, mufunika ena osachepera 20 otsukira makapu ndi kusamba m'manja. Pa moto, makala amaoneka otchipa koma amachedwa kukolera, amatulutsa phulusa limene limagwera m'makapu, ndipo makala opanda chilolezo ndi katundu woti akhoza kulandidwa pa msewu, makamaka kuyambira pamene lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Gasi amafuna ndalama zambiri poyamba chifukwa mumagula silinda ndi chitofu chake, koma kilogalamu imodzi ya gasi ikhoza kuwiritsa malita 60 kapena 70 a madzi ngati moto wautchinjiriza ku mphepo, kutanthauza kuti silinda yaing'ono ya makilogalamu atatu ingakufikitseni masiku khumi kapena kupitirira. Fufuzani kaye kumene mudzadzazitse, chifukwa silinda yopanda kanthu imene ikudikira ulendo wa ku Blantyre siwiritsa madzi. Ngati kwanu kuli magetsi, wiritsani madzi oyamba kunyumba ndi ketulo yamagetsi, ndipo gasi akhale wa pamalo ogulitsira ndi wa masiku amene magetsi azima.

Makapu otaya amapepala ndi aukhondo ndipo amalola kasitomala kukwera minibasi ali ndi khofi wake, koma kapu iliyonse ndi chivindikiro chake ndi ndalama imene imapita osabwerera. Makapu achitsulo kapena apulasitiki wolimba mumagula kamodzi, ngakhale kuti amafuna sopo, madzi ndi nthawi, ndiponso ena amasowa. Njira yabwino ndi kukhala ndi onse awiri n'kukweza mtengo pang'ono kwa wofuna kunyamula. Pa nkhani ya ukhondo musaumire ndalama. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu ambiri kuposa ina yonse imene dziko lino linaonapo, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Nthawi ngati zimenezo akuluakulu amatha kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, ndipo amene amayamba kuthamangitsidwa ndi wopanda zikalata. Pitani ku ofesi ya khonsolo ya boma lanu mukafunse za chiphaso cha bizinesi, mukayezetse kuchipatala kuti mukhale ndi kalata ya ogwira zakudya, ndipo muwerengere chiphaso cha msika chimene mudzadule tsiku lililonse pamalo alionse amene mwaima. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma ndi kutenga nambala ya okhoma msonkho ku MRA kungadikire pang'ono, koma kudzafunika mukadzayamba kuperekera khofi ku misonkhano ya mabungwe, chifukwa iwo salipira popanda invoisi ndi lisiti lovomerezeka.

Mwina mukuganiza kuti masana otentha mungawagonjetse ndi khofi wozizira, ndipo maganizowo ali ndi nzeru, koma ali ndi mtengo wakewake. Mufunika bokosi losungira zozizira, madzi oundana ogula tsiku lililonse kwa munthu amene ali ndi filiji, ndi chitsimikizo chakuti anaumitsa madzi abwino, popeza kuzizira sikupha tizilombo. Madzi oundana amene simunawagwiritse ntchito pofika masana asungunuka pamodzi ndi ndalama zanu. Yesani zimenezi ndi mabotolo ochepa pa tsiku la msika kapena pa bwalo la mpira musanaziike m'bajeti ya tsiku lililonse.

Mukapeza mitengo yonse, chitani masamu awa papepala. Manambala amene ndikugwiritsa ntchito ndi ongoyerekezera kuti njira ioneke, ndipo inu muikepo anu. Tinene kuti kapu mukugulitsa K1,000, ndipo khofi, shuga, mkaka ndi kapu yotaya zikukwana K600, ndiye kuti pa kapu iliyonse patsala K400. Tinenenso kuti chiphaso cha msika, gasi, madzi, sopo, zokonzera njinga, zimene a Airtel Money kapena TNM Mpamba amadula mukamatapa ndalama, ndi chakudya chanu, zikukwana K8,000 patsiku. Pamenepo makapu 20 oyamba ndi obweza zimene mwawononga, ndipo phindu limayambira pa kapu ya nambala 21. Mukagulitsa makapu 30 mwapeza K4,000 yokha, pamene makapu 60 akupatsani K16,000. Pa ndalama imeneyo muchotseponso kagawo kobwezera zida, chifukwa fulasiki, matayala ndi ambulera zidzatha, ndiponso malipiro anu, amene ayenera kufanana ndi zimene mukanapeza mukanatsala ku nzimbe. Masamu amenewa ndi amene amasonyeza chifukwa chake tiyi, mandasi, zitumbuwa kapena mazira owiritsa ayenera kukhala pa njinga yanu kuyambira tsiku loyamba. Madzi otentha, shuga ndi mkaka muli nazo kale, masamba a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje ndi otchipa pa kapu kuposa khofi, ndipo munthu amene wabwera ndi mnzake wosamwa khofi sadzakudutsani.

Chaka cha kuno chilinso ndi miyezi yake yovuta imene mpamba wanu uyenera kuiwoloka. Ndalama zimayenda bwino m'manja mwa anthu nthawi yodula nzimbe, imene imayamba cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala, ndi nthawi ya misika ya thonje, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa mumazizira moti chakumwa chotentha chimayenda. Kuyambira mu Januwale mpaka Malichi antchito a nyengo amakhala atapuma, mabanja amasunga ndalama yogulira chimanga, ndipo mvula imatha kuimitsa zonse. Tonse tikukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana wa mu Januwale 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kudula msewu wa M1, ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Pa chifukwa chimenechi, ndalama zimene mwasunga musaziike zonse pa zida. Malangizo anga ndi akuti zida, kukonza njinga ndi zikalata zisapitirire theka la mpamba wanu, gawo lina ligule katundu wa mwezi umodzi, ndipo lotsalalo likhale losakhudza, lokwanira kukusungani miyezi iwiri kapena itatu ya malonda ofooka. Ngati zida zimene mwalemba zikupitirira theka, chepetsani zidazo, mwachitsanzo muyambe ndi mafulasiki atatu, m'malo mothamangira ngongole. Katapila sangagwirizane ndi bizinesi ya phindu la K400 pa kapu, ndipo ngakhale ngongole ya banki m'khonde kapena ya bungwe lobwereketsa ndalama iyenera kubwera mutadziwa kale chiwerengero cha makapu amene mumagulitsa pa sabata, kuti muone ngati kubweza kungatheke. Samalaninso ndi ngongole za makasitomala, popeza ambiri mwa iwo amalandira kumapeto kwa mwezi ndipo adzakupemphani kuti muwalembe m'buku. Ikani malire a munthu aliyense, chifukwa khofi amene ali m'buku sangakupikulireni paketi ina.

Musanapite kwa owotcherera, achimwene, tengani mafulasiki awiri, paketi imodzi ya khofi wopera, botolo laling'ono la wosungunuka ndi masamba a tiyi, mukaime pa siteji ya pa Nchalo kwa masabata awiri, mutadula chiphaso cha msika. Muzilemba m'kope ola limene kapu iliyonse yagulidwa, mtundu wake, mtengo umene munthu walipira mosanyinyirika, ndi madzi amene atsala m'fulasiki pobwerera. Sabata imodzi ikhale ya pakati pa mwezi ndipo inayo ikhale ya malipiro, kuti muone kusiyana kwake. Chiwerengero cha makapu cha m'kopemo muchichulukitse ndi miyezo imene ndakupatsani, ndipo chidzakuuzani mafulasiki angati, silinda yaikulu bwanji ndi katundu wochuluka motani amene muyenera kukagula pa ulendo wanu woyamba wa ku Limbe.